Bandulo yanga inkatha mwezi usanafike pakati

Ndimagulitsa zovala za kaunjika, ndipo makasitomala ambiri amandipeza pa WhatsApp. Koma bandulo ya intaneti ya mwezi inkatha sabata yachiwiri isanathe, foni yakale ya RAM (memore yoyendetsera mapulogalamu) ya 1GB nayo n'kumangouma ndikatsegula zithunzi zingapo.

Poyamba ndinkangolalata kuti a kampani ya foni akundibera. Tsiku lina ndinalowa mu Settings n'kuona pa Data usage, ndipo ndinachita manyazi: wakubayo anali m'thumba mwanga momwemu. Magulu a WhatsApp a kumpingo ndi a achibale ankatsitsa okha mavidiyo onse, ngakhale a maliro a anthu osawadziwa. Google Photos inkakweza zithunzi za madiresi pa intaneti usiku wonse, Play Store nayo inkatsitsa ma update a mapulogalamu pa data. Zonsezi ndinazisintha kuti zizichitika pa Wi-Fi basi.

Pogula foni ina sindinatengeke ndi kamera, poti WhatsApp imachepetsa kale zithunzi potumiza. Ndinafuna zinthu zitatu: malo a SIM awiri, RAM ya 4GB ndi batire lokhalitsa la 5000mAh, chifukwa magetsi akazima malonda sayima. Mzere wa Airtel ndi wa malonda, uli ndi WhatsApp Business ndi Airtel Money. Wa TNM ndi wa banja, komanso wolandirira ndalama za amene amalipira pa Mpamba.

Bandulo ndimagula ya mwezi pa mzere umodzi wokha, umene umagwira bwino kunyumba ndi kumsika. Tsopano imafika tsiku la 30, nthawi zina n'kutsalako.