Mmene mungasokere diresi ya sitayilo yakale pogwiritsa ntchito patani

Madiresi aja a m'ma 1950, othina m'chiuno kenako siketi yake yotambalala, abwereranso, ndipo atsikana kuno ku Dedza akuwafuna kwambiri pa zinkhoswe ndi maukwati. Sitayilo imeneyi anaitchukitsa ndi Christian Dior ku Paris mu 1947. Pano makampani ngati Simplicity, Butterick ndi Vogue amasindikizanso mapatani akalewo (mapepala osonyeza madulidwe a nsalu), ena amapezeka pa intaneti, mumangodawunilodi nkukaprintitsa pa Boma.

Pokaprintitsa muwauze asachepetse kapena kukulitsa, ikhale pa 100%. Mapatani ambiri amakhala ndi kabokosi koyesera, muyeze ndi tepi pompo musanalipire mapepala onse, kakapanda kukwana ndiye kuti diresi yonse yalakwika kale.

Nkhani yaikulu ndi saizi. Nambala ya pa patani ndi ya zovala za mu shopu kapena pa kaunjika sizifanana olo pang'ono, wovala 12 atha kupezeka ali pa 16, musakhumudwe, simunanenepe ayi. Yezani pachifuwa, m'chiuno ndi m'mahipi nkufananiza ndi manambala olembedwa pa envulopu ya pataniyo. Komanso azimayi a nthawi imeneyo amavala zomanga mimba mkati, ndiye chiuno cha madiresi amenewa chimakhala chaching'ono zedi, pomwe ife ambiri kumbuyoku tinadalitsidwa, choncho sankhani saizi potengera pachifuwa, m'chiuno ndi m'munsimo muwonjezere nokha.

Patani yeniyeniyo musaidule. Ikopereni pa pepala la khaki, pamodzi ndi timizere ta madati (timapindo tosoka kuti diresi igwire bwino thupi) ndi kamuvi kaja kosonyeza mbali yoyalira nsalu. Mapatani amenewa amakhala ataikiratu kale malo a msoko, 1.5 cm, ndiye musawonjezerenso poganiza kuti mukuthandiza.

Chitenje chisanakhudzidwe ndi sizasi, sokani kaye kumtunda kokhako pa bedishiti yakale. Matelala ambiri a pakhonde pamenepa amati nkutaya nthawi, iwo anazolowera kudula ndi maso, koma sitayilo iyi madati akangosemphana ndi bere basi diresi imaoneka yobwereka. Mwini wake ayese, akweze manja, akhale pansi, pomwe pakukoka mulembe ndi choko nkukonza pa pepala paja.

Chitenje chichapeni kaye chifukwa chimafupika, kenako musite. M'lifupi chimakhala pafupifupi 115 cm, pomwe siketi yozungulira ija imadya nsalu, mamita 4 mpaka 6, ndiye mukapita ku Lizulu tsiku la msika gulani chosadula, zidutswa za mamita awiriawiri zidzakuvutani polumikiza. Onaninso maluwa ake akugwera pati, chiduwa chachikulu chisakhale pakati penipeni pa matako, anthu kutchalitchi sangamve ulaliki.

Zipi yambiri ya nthawi imeneyo imakhala m'mbali kumanzere, ine ndimaisiya momwemo chifukwa munthu amadzitsekera yekha. Lainingi, nsalu ya mkati ija, ikani ndithu, kuzizira kwa kuno mu June ndi July mukukudziwa. Msoko uliwonse muziusita mukangosoka, simbi ya makala yomweyo imagwira bwino bola kuyala kansalu pamwamba. Mukamaliza ipachikeni diresiyo usiku wonse musanapinde m'munsi, siketi yozungulira imatamuka mbali zina, mawa lake mwini wake avale ndi nsapato zomwe adzavale tsikulo, muyeze kuchokera pansi kuzungulira konse kenako mupinde.