Kusankha matayala ndi alayimenti ya galimoto yoyendera mumsewu ndi pabwalo la liwiro

Toyota 86 yanga ya 2013 ndiyo ndimapitira kuntchito ku Germiston, ndipo ndi yomweyo ndimapita nayo ku bwalo la liwiro la Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, masiku amene bwalolo limalola anthu wamba kuthamangitsapo galimoto zawo. Anzanga ochokera kumudzi akaiona, funso lawo limakhala limodzi: "Achimwene, bwanji osaika matayala aakulu?" Ndimawayankha kuti ukulu wa tayala ndi chinthu chomaliza kuganizira. Choyamba ndi kudziwa kuwerenga tayala lomwe muli nalo kale.

Gwadani muone m'mbali mwa tayala. Pa langa lochokera ku fakitale panalembedwa 215/45R17 87W. Nambala 215 ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. Nambala 45 ikutanthauza kuti khoma la tayala, kuchokera pa rimu kufika pamene limaponda phula, ndi magawo 45 pa 100 aliwonse a m'lifupimo, choncho ndi mamilimita pafupifupi 97. Nambala 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchesi. Nambala 87 ikunena kuti tayala limodzi linganyamule makilogalamu 545, ndipo W ndi liwiro lomwe lingapirire, makilomita 270 pa ola. Zizindikiro ziwiri zomalizazi, 87 ndi W, musazitsitse mukamagula tayala lina. Onaninso manambala anayi olembedwa kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT: 2321 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2021. Tayala lokalamba limauma mpira, ndipo ngakhale mizere ikhale yakuya, pakona siligwira.

Mukafuna kusintha saizi, sungani msinkhu wa tayala lonse. Pa 215/45R17, makoma awiri ndi mamilimita 194, rimu ndi 432, zonse pamodzi pafupifupi 625. Saizi ya 225/45R17 imafika 634, ya 245/40R17 imafika 628. Ine sindivomera saizi yosiyana ndi ya fakitale kuposa magawo awiri pa 100 aliwonse. Mukapitirira apo, muvi wa liwiro umayamba kunama, magiya amatalika, ndipo tayala limatha kukhula bodi mukapinda chiwongolero mpaka kumapeto.

Chachiwiri ndi rimu. Ya fakitale pa 86 ndi mainchesi 7 m'lifupi, mabowo ake 5x100 (mabowo asanu pa mzere wozungulira wa mamilimita 100 m'mimba mwake), offset +48 (mamilimita ochokera pakati pa rimu kufika pamene imamangidwira ku galimoto). Pa rimu imeneyi 225 imalowa ndithu, koma 245 imatupa ngati chitumbuwa, khoma lake n'kumagwedera pakona. Mumakhota chiwongolero, galimoto n'kuyankha mochedwa. Tayala locheperako lokhala bwino pa rimu yake limaposa lalikulu lopanikizidwa. Ine ndinakhazikika pa 225/45R17 pa rimu ya mainchesi 8. Ambiri amakonda 245/40R17 pa mainchesi 9, ndipo pakona imagwira zedi, koma injini ya galimoto iyi ili ndi 147 kW basi, moti kulemera kowonjezerako kumamveka potuluka pakona.

Ngati thumba likulola, khalani ndi marimu anayi apadera a pabwalo. Matayala a semi-slick, a mizere yochepa opangidwira pabwalo, amafuna kutentha kuti agwire, ndipo mvula ya masana ya ku Gauteng ikakupezani nawo pa msewu waukulu wa N3, mudzagwira chiwongolero ndi mtima uli m'mwamba. Komanso amene mumayendetsa kupita kumudzi mu December kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete mpaka ku Mwanza, musayerekeze kuika marimu a mainchesi 18 okhala ndi khoma lopyapyala. Dzenje limodzi likhoza kupinda rimu kutali ndi galaja iliyonse.

Tsopano alayimenti, kutanthauza kukonza mmene matayala aimira ndi kumene akuloza, yomwe kwa ine ndiyo mwini nkhani. Camber ndi kupendekeka kwa tayala mukaliyang'ana muli kutsogolo kwa galimoto. Likapendekera mkati chakumtunda, nambala yake imakhala ndi chizindikiro chochotsera. Pakona galimoto imatsamira kunja, tayala lakunjalo n'kugonera m'mphepete mwake. Camber yochotsera imalibwezera kuti liponde phula ndi nkhope yonse. Kutsogolo kwa 86 kuli mashoko a mtundu wa MacPherson strut, ndipo imachoka ku fakitale ndi camber ya pafupifupi ziro, yopanda posinthira. Ulendo wanga woyamba ku Zwartkops ndinabwerako m'mphepete mwakunja mwa matayala akutsogolo mutanyenyeka, pamene pakati pali patsopano. Ndinagula mabawuti a camber, omwe si okwera mtengo, ndipo anandifikitsa cha pa madigiri -1.5. Kuti mufike -2.5 kapena -3, yomwe okonda bwalo amaifuna, pamafunika ma camber plate, zitsulo zosinthira camber zomangidwa pamwamba pa shoko.

Toe ndi kumene matayala akuloza mukawayang'ana muli pamwamba: kaya mphuno zawo zikuyandikana, kaya zikutalikirana. Anthu amanamizira camber kuti ndiyo imadya matayala, koma wakudya weniweni ndi toe, chifukwa tayala lolozera pambali limakhula phula mita iliyonse yomwe layenda. Ndinaziona ndi maso. Nditaika mabawuti aja, galaja ina inandisinthira camber koma toe sanaibwezere, ndipo matayala akutsogolo anatsala olozera kunja. Patangotha miyezi iwiri, ndikutsuka galimoto Loweruka m'mawa, ndinapisa dzanja kuseri kwa tayala lakumanzere. Mphepete yamkati inali itachita dazi, yosalala ngati mbale, ndipo mizere yotsalayo inali yakuthwa mbali imodzi ngati mano a sowo. Zinandipweteka, chifukwa matayalawo ndinawasungira ndalama nthawi yaitali. Choncho kumbukirani kuti mukakhudza camber, toe imasuntha. Toe ndiyo imakonzedwa pomaliza.

Manambala omwe ndimayendera tsopano ndi awa. Kutsogolo camber -2, toe ziro. Kumbuyo camber cha pa -1.5, matayala olozera mkati pang'ono, mamilimita 1 mpaka 2 onse pamodzi. Kumbuyo musalole kuti alozere kunja ngakhale pang'ono, makamaka pa galimoto yokankha ndi matayala akumbuyo, chifukwa matako ake amathawa mukaponda mabuleki polowa pakona. Caster, komwe ndi kupendekeka kwa shoko yakutsogolo mukaiyang'ana muli m'mbali mwa galimoto, sindiikhudza; ndimangoonetsetsa kuti kumanzere ndi kumanja ikufanana. Ngati pabwalo mumapitako kamodzi kapena kawiri pachaka, -1.5 kutsogolo ikukwanirani. Ena amatsegula toe yakutsogolo pang'ono kuti galimoto izilowa pakona msanga, koma mumsewu imayamba kutsatira mizere ya phula ngati ili ndi maganizo akeake, ndipo ine sindiona phindu lake.

Ku galaja pitani ndi manambala anu olemba papepala, mafuta ali theka la thanki, mpweya uli bwino m'matayala onse. Uzani amakanika kuti ayambe aona ma ball joint, ma tie rod ndi ma bush, zomwe zimalumikiza magudumu ku galimoto ndi ku chiwongolero, popeza alayimenti ya pa zitsulo zogwedera imatha musanafike pa geti. Akamaliza, pemphani pepala la kompyuta loonetsa manambala a poyamba ndi a pomaliza. Mtundu wobiriwira pa sikirini, wosonyeza kuti manambala ali m'malire a fakitale, usakukhutiritseni. Werengani manambalawo nokha.

Pabwalo, tayala lenilenilo ndilo lidzakuuzeni ngati mwalondola. Ndimayamba ndi mpweya wa 2.0 bar matayala ali ozizira, n'kupima ndikangotuluka m'bwalo, ndikufuna 2.3 kapena 2.4 ali otentha. Ndimalemba choko timizere titatu pa phewa la tayala lililonse. Choko chikafufutika mpaka kutsikira pakhoma, tayala likugonera kwambiri: onjezerani mpweya pang'ono, ndipo zikapitirira, camber ndiyo yachepa. Amene ali ndi chopimira kutentha apime malo atatu, mkati, pakati ndi kunja. Mkati mukatenthako pang'ono kuposa kunja, zili bwino. Pakati pokha pakatentha, mpweya wachuluka.

Musananyamuke kubwerera kunyumba, dikirani matayala azizire, bwezerani mpweya pa 2.4 bar monga palembedwera pachitseko cha dalaivala, ndipo mangani manati a magudumu pa 120 Nm. Ngati munagunda mwamphamvu timakoma ta m'mphepete mwa kona, kapimitseni toe sabata yomweyo.