Mmene mungagawire ndalama za boma pa kafukufuku ndi maphunziro a masamu

Munthu amene waikidwa mu komiti yogawa ndalama za boma pa kafukufuku wa masamu ayenera kuyamba wadziwa chimene ndalamazo zimagula. Wofufuza za mankhwala amafuna labotale ndi zipangizo zodula, koma katswiri wa masamu nthawi zambiri amangofuna bolodi, choko, mabuku, kompyuta, ndipo koposa zonse nthawi yoti akhale pansi n'kuganiza popanda womusokoneza. Choncho polemba bajeti, gawo lalikulu lipite kwa anthu: malipiro a ofufuza, thandizo la ophunzira a digiri ya PhD, ndiponso ndalama zolembera mphunzitsi wogwirizira makalasi kuti wofufuza apezeko miyezi ingapo yopanda kuphunzitsa ndi kuchonga mayeso.

Mukatero, patulani gawo la masamu amene ntchito yake sinaoneke, ndipo muliteteze, chifukwa ndi limene limayamba kudulidwa ndalama zikachepa. Funso lakuti "kafukufukuyu atipindulira chiyani chaka chamawa?" limamveka lanzeru, koma pa masamu limasocheretsa. Mu 1917, Johann Radon wa ku Austria anasonyeza mmene mungadziwire za m'kati mwa chinthu pongogwiritsa ntchito miyeso yotengedwa m'mizere yodutsa chinthucho kuchokera mbali zonse. Sankaganiza za odwala. Patapita zaka zoposa 40, Allan Cormack anapezanso masamu omwewo payekha, kenako Godfrey Hounsfield anapanga makina a CT ojambula m'kati mwa thupi, amene anajambula wodwala woyamba ku London mu 1971, ndipo awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 1979. Momwemonso, G. H. Hardy analemba mu 1940 kuti kafukufuku wake wa manambala analibe ntchito pa moyo wa tsiku ndi tsiku, koma mu 1977 Rivest, Shamir ndi Adleman anakhazika pa masamu a mtundu womwewo njira ya RSA yobisira uthenga, imene yateteza malonda a pa intaneti kwa zaka zambiri. Palibe komiti imene ikanaziwoneratu zimenezi. Chimene mungathe kuyeza ndi kuya kwa funso limene wofufuza akufunsa ndi luso limene wasonyeza kale, ndipo pa ntchito imeneyi itanani akatswiri a nthambi yomweyo ochokera kunja, amene sakupikisana naye pa ndalamazo.

Nkhani ya nthawi ndi yofunika kuisamala. Andrew Wiles anatha zaka zisanu ndi ziwiri akulimbana ndi funso lotchuka la masamu limene katswiri wakale Pierre de Fermat anasiya lopanda umboni, analengeza yankho lake mu 1993, munapezeka cholakwika, anachikonza mu 1994, ndipo ntchitoyo inasindikizidwa mu 1995. Thandizo la chaka chimodzi, lofuna lipoti miyezi itatu iliyonse, limakankhira wofufuza ku mafunso ang'onoang'ono amene akudziwa kale kuti awayankha. Perekani thandizo la zaka zitatu kapena zisanu, lipoti likhale lalifupi, ndipo musayeze munthu powerenga kuchuluka kwa mapepala amene wasindikiza, pakuti pepala limodzi la masamu likhoza kutha chaka kapena kuposerapo likuwunikidwa mzere ndi mzere. Dziwaninso kuti m'nthambi zambiri za masamu mayina a olemba amandandalikidwa motsatira alifabeti, kotero amene ali kumapeto sindiye kuti anagwira ntchito yochepa.

Pa masamu ogwiritsidwa ntchito mwachindunji, boma lili ndi ufulu wonena zimene likufuna: ziwerengero, kulosera za nyengo, chitetezo cha makompyuta, kafalidwe ka matenda. Njira za masamu zolosera kafalidwe ka matenda zimene maboma ambiri anadalira pa mliri wa COVID-19 mu 2020 zinachokera pa ntchito ya Kermack ndi McKendrick ya mu 1927. Apa onetsetsani kuti wofufuza adzapatsidwadi ziwerengero zimene nthambi za boma zimasunga, chifukwa popanda zimenezo ndalama zimangopita pachabe.

Pa maphunziro ndi pamene ndikufuna mukhalitsepo. Wophunzira wa PhD sakula chifukwa cholipiridwa fizi yokha. Amakula chifukwa sabata ndi sabata amaima pa bolodi pamaso pa mphunzitsi womuyang'anira, nalemba umboni wake, mphunzitsiyo n'kuloza mzere umodzi n'kufunsa kuti, "Apa mwadumpha bwanji?" Ngati mphunzitsi mmodzi ali ndi ophunzira khumi otere kuwonjezera pa makalasi ake, kukumana kumeneku kumatha. Choncho musanawonjezere chiwerengero cha ophunzira, werengani kaye aphunzitsi amene angawayang'anire. Kenako yang'anani zaka ziwiri kapena zitatu zotsatira digiriyo, pamene ambiri amatayika: munthu wamaliza, ntchito yofufuza palibe, ndipo amasiya kafukufuku kapena kusamukira kudziko lina. Zimandipweteka kuona dziko litalipirira munthu zaka zonsezo n'kumutaya pa khomo lomaliza. Ikani ndalama za malo a ofufuza achinyamata, ndipo thandizo la ophunzira likhale ndi mpata wa tchuthi cha uchembere kuti amayi asasiyire panjira.

Musaiwale ndalama zoti akatswiri azikumana, popeza masamu amafota munthu akakhala yekha. Abdus Salam anatsegula likulu la kafukufuku wa sayansi lotchedwa ICTP ku Trieste m'dziko la Italy mu 1964 kuti asayansi a m'mayiko osauka azipitako kukagwira ntchito ndi anzawo kenako n'kubwerera kwawo, ndipo Neil Turok anayambitsa sukulu ya masamu yotchedwa AIMS ku Cape Town mu 2003, kumene aphunzitsi ochokera m'mayiko osiyanasiyana amabwera kudzaphunzitsa kwa masabata ochepa. Poyerekeza ndi kumanga nyumba yatsopano, maulendo otere ndi otsika mtengo.

Pomaliza gawo lililonse la bajeti, lembani pasadakhale mmene mudzaliwunikire. Pakapita zaka zisanu, komiti itenge mndandanda wa ophunzira onse amene inawathandiza, ifufuze amene anamaliza, amene akupitiriza kafukufuku, amene akuphunzitsa, ndi amene tsopano ali ndi ophunzira awoawo, ndipo bajeti yotsatira ikonzedwe potengera pamene mndandandawo waonetsa kuti anthu akutayikira.