Ndondomeko ya wophunzira amene akufuna kudzakhala injiniya

Mwafunsa kuti muyambire pati. Choyamba, limbikirani masamu, Physics ndi Chemistry kuti mudzakhoze bwino mayeso a MSCE, pakuti wofooka pa masamu amavutika kuyambira chaka choyamba ku yunivesite. Zotsatira zikatuluka, funsirani malo ku yunivesite kudzera ku bungwe la NCHE, loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite, ndipo musankhe mosamala. Yunivesite ya MUBAS ku Blantyre imaphunzitsa za misewu, magetsi ndi makina, pamene yunivesite ya LUANAR, kuno ku Bunda, ili ndi uinjiniya wa ulimi wothirira, umene ine ndikuona kuti dziko lathu likuufuna kwambiri chifukwa mvula siikudalirikanso. Fizi ikavuta, pemphani ngongole ku HESLGB, bungwe lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite. Ngati mapointi sanakwane, musataye mtima, yambirani ku Lilongwe Technical College. Mukadzamaliza digiri, mukalembetse ku Malawi Engineering Institution, bungwe loyang'anira mainjiniya, kuti ntchito yanu izivomerezeka mwalamulo.