Akusankhani pa udindo ku tchalitchi? Dziwani poyambira ndi polekezera

Mu mpingo waung'ono maudindo amachuluka kuposa anthu ofuna kuwagwira, nde mumapeza munthu mmodzi yemweyo ndi mlembi, ndi mphunzitsi wa Sande sukulu, makiyi a tchalitchi akusunganso yemweyo, ndipo ngati abusa amayang'anira mipingo ingapo n'kumangobwera mwa apo ndi apo, yemweyonso ndi amene amaima kutsogolo Lamulungu. Salipidwa, komanso palibe anamukhazikapo pansi kumuuza kuti ntchito yanu iyambira apa ithera apa. Mikangano yambiri ya m'mipingo yaing'ono imachokera pomwepa, osati poti anthu ndi oipa mtima ayi, koma malire sanaikidwe. Kaya akusankhani kumene kaya mwatumikira kale zaka, tiyeni tione m'mene mungayendere.

Musanati eya, funsani kaye. Sikuchepa chikhulupiriro kufunsa kuti udindowu ukufuna chani kwenikweni, nditumikira zaka zingati, lipoti ndizipereka kwa ndani, ndi zinthu ziti zomwe ndingagamule ndekha nanga ndi ziti zodikira komiti kapena abusa. Pemphani buku la malamulo oyendetsera mpingo wanu muliwerenge, makamaka gawo lokamba za udindo wanuwo. Ngati palibe cholembedwa, zomwe zimachitika kwambiri m'mipingo yongoyamba kumene, khalani pansi ndi mlembi ndi wapampando mulembe tsamba limodzi basi, liwerengedwe ku komiti, lilowe m'maminitsi. Tsamba limenelo lidzakutetezani tsiku lomwe wina adzati bwanji simunachite zakuti, komanso lidzateteza mpingo tsiku lomwe inuyo mudzayambe kulowerera za eni. Ndipo ngati mukuona kuti simunafikepo, nenani mosaopa, Paulo yemwe pa 1 Timoteyo 3 anati atumiki ayambe ayesedwa kaye, ndiponso kuti woyang'anira mpingo asakhale munthu wongotembenuka kumene.

Kugawana ntchitoku sikunayambe lero. Pa Eksodo 18 Yetero anapeza Mose akuweruza anthu kuyambira m'mawa mpaka madzulo, anamuuza mosapsatira kuti zimenezo sizabwino, atopa nazo iye ndi anthu omwe, asankhe atsogoleri a anthu 1,000, a 100, a 50 ndi a 10, milandu ing'onoing'ono azithana nayo okha koma ikuluikulu azibwera nayo kwa iye. Taonani kuti anthuwo anapatsidwa mphamvu komanso polekezera nthawi imodzi. Pa Machitidwe 6 napo, akazi amasiye achihelene, olankhula Chigiriki, atayamba kuiwalidwa pogawa thandizo la tsiku ndi tsiku, mpingo unasankha amuna 7, mwa iwo munali Stefano ndi Filipo, kuti agwire ntchito imeneyo atumwi alimbikire kupemphera ndi kulalikira. Ngakhale Amethodisti, timagulu tawo totchedwa makalasi tinayamba mu 1742 ku Bristol nthawi ya John Wesley, anthu anagawidwa m'magulu a pafupifupi 12 ndipo mtsogoleri, mkhristu wamba, ankatolera kandalama sabata iliyonse kobweza ngongole ya nyumba yopemphereramo, kenako zinaoneka kuti poyendera anthu ake choncho amadziwa amene wadwala ndi amene wafooka. Ntchito yaing'ono yodziwika bwino malire ake imakula yokha, simufunika kulanda ya wina.

Tsono pali zinthu zomwe ndi za odzozedwa okha, ndipo apa mipingo imasiyana zedi, musamatengere za kwa anzanu. Kwa Akatolika, malamulo a mpingo a 1983 amalola akhristu eni ake, omwe sanadzozedwe, kuwerenga mawu, kutsogolera mapemphero wansembe kulibe, ngakhale kugawa ukalistia akapatsidwa chilolezo, koma ulaliki wa pa Misa ndi wa wansembe kapena dikoni, ndipo kuchita Misa ndi kumva kulapa ndi za ansembe basi. Mu 2021 Papa Francis anatsegulira amayi utumiki wowerenga mawu ndi wotumikira pa guwa mokhazikika, chaka chomwecho anakhazikitsanso utumiki wa akatekisiti. Ku mipingo ya Chipresibateriyani akulu a mpingo amalamulira limodzi ndi abusa mu bwalo lotchedwa seshoni, amayendera nkhosa, malo ambiri amalalikanso, koma ubatizo ndi mgonero kawirikawiri zimadikira mbusa wodzozedwa. Ku Church of England udindo wa owerenga omwe si ansembe unayambiranso mu 1866, amalalika ndi kutsogolera mapemphero ndi chilolezo cha bishopu koma satsogolera mgonero. Mipingo ina ya Chipentekoste ndi ya Baptist imamasula kwambiri kuposa apa. Nde funsani za kwanu. Za ukwati zokha chenjerani kawiri, chifukwa apa pamalowanso malamulo a dziko, m'mayiko ambiri womangitsa ukwati amayenera kukhala wovomerezeka ndi boma, mukangochita mwa chifundo poti abusa achedwa mutha kuwasiya anthu ndi ukwati womwe boma siliudziwa.

Pa ndalama ndi pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pomwe anthu abwino ambiri agwera, enanso aipitsidwa mbiri asanabe n'komwe. Ngati ndinu msungichuma, musawerenge chopereka muli nokha, ngakhale tsiku limodzi, ngakhale aliyense akuthamangira kwawo. Muziwerenga anthu awiri kapena atatu omwe si a banja limodzi, pomwepo mapemphero akangotha, mulembe m'buku, nonse musayine. Njira imeneyi ndi yakale, pa 2 Mafumu 12 wansembe Yehoyada anaboola chivindikiro cha bokosi n'kuliika pafupi ndi guwa, ndipo ndalama zikachuluka mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankabwera onse awiri kudzawerenga ndi kumanga m'matumba. Paulo nayenso pa 2 Akorinto 8 sanafune kunyamula yekha thandizo la osauka, anatumiza Tito pamodzi ndi abale ena, mmodzi wosankhidwa ndi mipingo, kuti pasapezeke wowanena. Ngati Paulo anadziteteza choncho ife ndiye tingakane bwanji.

Ndalama zipite ku akaunti ya mpingo ku banki, yosayinira anthu osachepera awiri, zisagone kunyumba kwanu komanso zisamalowe pa nambala ya foni yanu, chifukwa zikasakanikirana ndi zanu ngakhale inu eni mudzasokonezeka. Musasayiniretu cheke chopanda kanthu kuti mnzanu akalembe yekha. Chilichonse chogula chikhale ndi lisiti. Ndipo mvetsani ichi abale, msungichuma amasunga, sagamula. Ogamula ndi komiti kapena msonkhano wa mpingo motsatira bajeti, nde wina akabwera usiku kuti mundibwerekeko za mpingo ndibweza mwezi ukatha, yankho ndi loti sindingathe, kaya ndi mkulu wa mpingo kaya ndi abusa amene, zidutse ku komiti zilembedwe. Inunso musadzibwereke. Ambiri omwe anathera pa manyazi anayamba ndi kandalama kochepa komwe ankati abweza Lolemba. Lipoti muzipereka pa nthawi yake musanafunsidwe, ndipo pakutha pa chaka pemphani munthu wina wodziwa za maakaunti yemwe sali mu komiti aone mabuku, zimenezi sizitanthauza kuti akukukayikirani.

Kwa oyendera odwala ndi mabanja, kaya ndinu mkulu wa mpingo, dikoni, mtsogoleri wa amayi kapena wa mphakati, ntchito yanu ndi kufika, kumvetsera, kupemphera ndi kudziwitsa abusa pamene pakufunika. Muziyenda awiri, makamaka mwamuna akamapita kwa mkazi kapena mkazi kwa mwamuna. Zomwe mwamva kumeneko zisatulukire mu pemphero la pagulu kapena pa gulupu ya WhatsApp ngati pempho la mapemphero, mwini wake asanalole, chifukwa miseche yambiri ya mu mpingo imayenda itavala dzina la pemphero ndipo munthu akapwetekedwa choncho sabweranso. Simuli dokotala, musauze munthu kuti asiye mankhwala poti mwamupempherera, mupempherereni kenako mulimbikitseni apite ku chipatala. Wina akanena zofuna kudzipha musazitenge ngati kufooka kwa uzimu chabe, musamusiye yekha, muthandizeni kupeza achipatala tsiku lomwelo. Komanso musamalonjeze kuti sindiuza aliyense musanamve nkhani yake, nenani poyamba pomwe kuti ndisunga chinsinsi kupatula ngati moyo wa munthu uli pa chiopsezo.

Izi zikutifikitsa kwa ana, ndipo apa sindinyengerera. Mphunzitsi wa Sande sukulu kapena woyang'anira achinyamata asakhale yekha ndi mwana mmodzi m'chipinda chotseka, pazikhala akuluakulu awiri kapena malo oonekera, asamalemberane ndi mwana mameseji a mseri, ndipo ulendo uliwonse makolo adziwe n'kuvomereza. Mwana akakuuzani kuti wina amamuchita zachipongwe, mvetserani modekha, musamupanikize ndi mafunso, musathamangire kukafunsa wotchulidwayo, lembani zomwe wanena m'mawu ake omwe ndipo nkhaniyo ifike ku polisi kapena kwa oona za chitetezo cha ana. Komiti ya mpingo ilibe mphamvu yothetsa nkhani yotere mwa kukhululukirana, ndi mlandu, ndipo kuibisa kuti dzina la mpingo lisaipe ndi kupereka mwana winanso m'manja mwa munthu yemweyo. Ngakhale wotchulidwayo akhale wolemekezeka bwanji.

Za chilango nazonso si za munthu mmodzi. Mukaona m'bale walakwa, Mateyu 18 akuti pitani kaye muli awiri, akakana tengani mmodzi kapena awiri, kenako mpingo. Inu panokha simungaletse munthu mgonero, simungamuchotse mu kwaya poti mwamva mphekesera, simungamudzudzule pa guwa mutabisala mu ulaliki. Mukapatsidwa mpata wolalika, lalikani mawu omwe mwakonzekera m'nthawi yomwe mwapatsidwa, chiphunzitso chatsopano chomwe mwachimva kwina kambiranani kaye ndi abusa. Mlembi alembe zomwe zagwirizanidwa osati zomwe iye akadakonda, maasha alandire anthu ndi kuwakhazika bwino, asasanduke apolisi a zovala pakhomo, mtsogoleri wa kwaya agwirizane ndi wotsogolera mapemphero za nyimbo ndi nthawi. Pamenepa sipofunika kutalikitsa.

Pali malire enanso omwe anthu odzipereka kwambiri amawaiwala, a thupi lanu ndi banja lanu. Paulo anafunsa kuti munthu wolephera kusamala nyumba yake angasamale bwanji mpingo wa Mulungu, nde ngati masiku onse a sabata muli ku tchalitchi ana akugona osakuonani, pali chomwe chalakwika ngakhale aliyense akukuyamikirani. Udindo umodzi waukulu ndi wina waung'ono ndi zokwanira, wachitatu kanani mwaulemu, muuzeni wapampando kuti ndikavomera ndidzagwira mwa theka. Kukana kwanuko nthawi zina ndi komwe kumatsegulira mpata wachinyamata uja wakhala phee kumbuyo poti palibe anamupemphapo. Alevi omwe, pa Numeri 8, ankayamba ntchito ya m'chihema ali ndi zaka 25 n'kupuma akafika 50, pambuyo pake ankangothandizako abale awo.

Choncho kuyambira mwezi woyamba pezani munthu woti muzigwira naye ndi kumuphunzitsa, adziwe komwe kuli mabuku, m'mene lipoti limalembedwera, ndi omwe mumalumikizana nawo. Teremu yanu ikatha musadikire kuti akuchotseni, kumbutsani komiti nokha kuti nthawi ya chisankho yakwana. Tsiku losiyirana lembani mndandanda wa zonse zomwe mukupereka, makiyi, mabuku a ndalama ndi a maminitsi, malisiti, chidindo, mapasiwedi a imelo ndi a tsamba la Facebook la mpingo, ngongole zomwe zatsala ndi ntchito zomwe sizinathe, musayine nonse awiri pamaso pa mboni. Dzina lanu lichotsedwe ku banki sabata yomweyo ndipo adimini wa gulupu akhale watsopanoyo. Akamagwira mosiyana ndi m'mene inu munkachitira musiyeni, anthu akabwerabe kwa inu ndi nkhani za udindowo alozereni kwa iye, ndipo malangizo muzimupatsa akakufunsani, muli awiri.