Musanamusiye m'bale wanu ku rehab, funsani za mankhwala ake a dokotala

Abale anga a kuno ku Joni, pali vuto limene timalibisa m'zipinda zathu ku Yeoville, Rosettenville ndi Diepsloot. Mnyamata anayamba mankhwala ozunguza bongo monga nyaope (yomwe imakhala ndi heroin) kapena tik, pano sagona, akulankhula yekha, akuti anthu akumulondalonda. Ena amati ndi chamba chabe, akasiya achira. Ena amati anamulodza kuntchito. Komatu kawirikawiri munthuyo amakhala akudwala pawiri: chibaba cha mankhwala ozunguza bongo, komanso matenda a maganizo monga schizophrenia (kumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zomwe palibe), bipolar (nthawi zina kusangalala mopitirira muyezo, nthawi zina kukhumudwa kwambiri) kapena kukhumudwa kosatha. Achipatala amati dual diagnosis. Mukachiza vuto limodzi lokha, lotsalalo limamubweza komwe anali.

Njira ina yothandizira anthu otere ndi imene amaitcha therapeutic community. Odwala amakhala pamodzi ngati mudzi kwa miyezi 6 mpaka 12, nthawi zina kuposa apo. Amadzuka nthawi imodzi, amachita msonkhano m'mawa, amaphika ndi kusesa okha, wolakwa amamulangiza anzake. Amene wakhalitsa amagwira dzanja wobwera kumene, ndipo udindo umakula pang'onopang'ono. Kwa ife amene tinakulira kumudzi izi si zachilendo, n'chifukwa chake ndimaikonda njirayi. Dokotala Maxwell Jones anali mmodzi mwa amene anaiyambitsa ku England m'zaka za m'ma 1940, ndipo ku New York malo a Daytop Village anatsegulidwa mu 1963 kuti azithandiza osuta heroin.

Koma apa ndiye mutchere khutu. Malo ambiri akale ankadzudzula mwaukali pagulu, ndipo ankakana mapiritsi alionse. Munthu amene amamva mawu m'mutu mwake, mukamukalipira pamaso pa anthu 30, mwamuwonjezera matenda. Mukamulanda mapiritsi kapena kumudumphitsa jakisoni wake wa pamwezi, matenda amayambiranso. Malo abwino amafewetsa malamulo, amafupikitsa misonkhano, ndipo mankhwala a dokotala amapitirira.

Choncho musanalipire kalikonse, funsani: kodi dokotala wa maganizo amabwera liti? Amapereka mankhwala ndani, nesi kapena wodwala mnzake? Pemphaninso kuona setifiketi. Lamulo la dziko lino, Act 70 ya 2008, limati malo otere alembetsedwe ku Department of Social Development. Musachite manyazi kufunsa. Kumbukirani nkhani ya Life Esidimeni muno mu Gauteng, pomwe odwala maganizo 144 anamwalira atawasamutsa mu 2016, ambiri kuwapititsa kumalo opanda ziphaso zoyenera. Mukaona maunyolo kapena zikwapu, bwererani naye.

Yambirani kuchipatala, osati ku rehab. Womwa mowa kwambiri akasiya mwadzidzidzi amatha kukomoka ngati wakhunyu, ngakhale kufa kumene. Ngati akufuna kudzivulaza kapena kuvulaza ena, pitani naye kuchipatala monga Helen Joseph kapena Chris Hani Baragwanath. Lamulo la za matenda a maganizo limalola kumuunika kwa maola 72. A SANCA, bungwe lothandiza anthu a vuto la mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, nawonso amalangiza mabanja.

Akatuluka, miyezi yoyamba ndiye yoopsa. Thupi limakhala litaiwala nyaope, moti mlingo umene ankasuta kale ukhoza kumupha. Musamubwezere m'chipinda chomwe anzake osuta amagona. Ndipo ngati mwagwirizana zomukweza basi ku Park Station kuti abwerere ku Malawi, atenge kalata ya dokotala ndi mankhwala okwanira, ndipo uzani achibale tsiku la jakisoni wotsatira, kuti akapitirize kuchipatala cha boma chapafupi, ku Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu.