Kuyeretsa benzoic acid mu labu ndi recrystallization

Benzoic acid wanu akaoneka wachikasu kapena wa zinyalala musataye ayi, madzi otentha okha amakonza. Nkhani yake ndi yoti m'madzi ozizira amasungunuka pang'ono zedi, magalamu 3 okha pa lita, koma m'madzi owira amasungunuka wambiri, ndiye madziwo akamazizira amatulukanso ngati ma crystal oyera, zonyansa n'kutsala m'madzi. Imeneyi ndiyo recrystallization.

Ikani ufawo mu conical flask (botolo lagalasi la mu labu lopapatiza kukamwa), muzithira madzi owira pang'onopang'ono uku mukugwedeza mpaka wonse usungunuke. Apa ndiye pomwe ambirife timalakwitsa, timathira madzi ngati tikuphika phala la ana kenako ma crystal osatuluka, tayamba kudandaula. Ngati muli zinyalala zosasungunuka sefani madziwo akadali otentha, fanelo nayonso itenthe, apo ayi zonse ziumira pa filter paper pompo.

Mukatero siyani flask ija pa benchi izizire yokha, osathamangira ayezi, ma crystal opangika mwachangu amatsekera zonyansa mkati. Ikazizira ndiye muiike mu ayezi. Ma crystal akakana kutuluka kandani mkati mwa flask ndi glass rod, muona tinthu toyera ngati tisingano tikuyamba. Sefani pa Buchner funnel (fanelo yosefera mokoka madzi ndi vacuum), tsukani ndi timadzi tozizira pang'ono chabe, umitsani. Melting point, kutentha komwe ma crystal oumawo amasungunukira mukawatenthetsa, ikhale cha pa 122°C, ikatsika kwambiri ndiye kuti zonyansa zikadalimo, bwerezaninso.